Fanwell ndi Agalu a m'Katoni

Ku Wusakile, m'komboni ya anthu a pamgodi ku Kitwe, kunali banja lina limene anansi ankalisirira. Bambo wa pakhomopo anali a Nicodemus Sakala, munthu wa ku Katete, kum'mawa kwa dzikolo, ndipo akazi awo anali a Felistus. Anali Akatolika osajomba Misa. Mwana wawo wamwamuna, Fanwell, anali atangolembedwa ntchito kumalo okonzera makina pamgodi. Chinali chaka cha 1965, dziko litangolandira ufulu, kopa akuyenda malonda, ndipo pakhomopo panalibe chodandaula.

A Nicodemus anali ndi agalu awiri osaka. Wamkulu anali Tilekeni, galu wamkazi wakuda, amene anabwera naye kuchokera ku Katete ali kamwana, atamuika mumtanga. Winayo anali Kamoto, mwana wamkazi wa Tilekeni, wofiirira ngati njerwa. Agalu awiriwa ankamvana popanda kuuwa. Wina akatenga kumanja, mnzake ankadziwa yekha kuti kumanzere n'kwake.

Sikuti Kamoto anabadwa wodziwa. A Nicodemus anamuphunzitsa monga ankachitira atate awo kumudzi. Ankatenga chingwe cha luzi, chachifupi, n'kumangirira kagalu kukhosi kwa galu wamkulu. Chilimwe chonse kagaluko kankayenda kumene wamkulu akupita. Wamkulu akaima, iko kaime. Wamkulu akanunkhiza, iko kanunkhize pomwepo. Akapha nyama, chiwindi ankayamba kulawa ndi wamkulu, kenako kamwanako. Mvula ikamayamba ankadula chingwe, koma agaluwo ankayendabe ngati chikadalipo.

Mwala utawagwera pabondo pansi pa mgodi, a Nicodemus anapatsidwa ntchito yopepuka, yopereka nyale kwa olowa pansi. Kuthengo analeka kupita. Tsiku lina anaitana Fanwell, namupatsa mkondo wawo.

"Tamvana apa," anatero. "Miyendo ndi yako, agalu ndi anga."

"Ndamva, atate."

Loweruka lililonse masana, akaweruka, Fanwell ankakwera njinga kulowera kumadambo a ku Kafue, agalu akuthamanga m'mbali. Ankabwera dzuwa likupendeka ndi nchenzi ziwiri kapena zitatu, mwinanso gwape. A Felistus ankagawirako anansi, ngakhale Abemba a nyumba yoyandikana nayo, amene poyamba ankaseka anthu a kum'mawa kuti amadya mbewa.

"Lero simukuseka bwanji?" ankatero a Felistus powapatsira mbale pampanda.

"Awe mukwai, iyi si mbewa," ankayankha amake Ruby, mayi wa pakhomo la Abembalo. "Iyi ndi abwana ake a mbewa."

Anali masiku okoma, ndipo akanapitirira akanapanda Fanwell kusuzumira m'katoni.

Mwini katoniyo anali Wesley, dalaivala wa lole yonyamula simenti pakati pa Ndola ndi Kitwe. Ankakhala ku Kabushi, komboni ya ku Ndola. Masiku amenewo azungu ena a ku Parklands ankapakira katundu kubwerera kwawo, n'kumasiya agalu m'manja mwa antchito. Wesley ankatola ana a agalu amenewa n'kumasinthanitsa ndi chilichonse. Tsiku lina anaimika lole pafupi ndi msika, naona Fanwell akudutsa ndi gwape pakaliyala, namupatsa moni wa Chibemba.

"Mwapoleni, ba Fanwell! Agalu akumudzi awiri okha, nyama yonseyi? Nanga mutakhala ndi galu weniweni?"

"Awa ndi agalu enieni."

"Sindikukana, mune, mnzanga. Koma tangoonani. Kuona n'kwaulere."

Fanwell anasuzumira. M'katonimo munali kagalu koyera ka mawanga, ka zala zikuluzikulu ngati za mwana wa mkango. Kanamuyang'ana, kanayasamula, kenako kanamunyambita chala. Mtima wa Fanwell unangoti phwii. Anadula mwendo wa gwape n'kupatsa Wesley, kagaluko n'kukaika m'malaya.

A Nicodemus anakatembenuza uku ndi uku, nakayang'ana m'kamwa.

"Palibe choipa," anatero. "Tilekeni akukalamba, wolowa m'malo afunika. Pota chingwe. Koma kamodzi komweka, wamva? Galu wamkulu ali ndi khosi limodzi."

Fanwell anakatcha Jeti, napota chingwe. Masabata atatu zonse zinayenda bwino. Sabata yachinayi lole ya Wesley inaimanso pamsika paja.

"Jeti akusowa mnzake," anatero Wesley. "Kodi inu kumgodi mumagwira nokha? Taonani aka. Bambo ake ankalondera nyumba ya manejala."

Kameneko kanatchedwa Taiga. Mwezi usanathe kunabwera Kopa, amene Fanwell anasinthanitsa ndi pampu ya njinga. Kenako Sipoti, wa makutu oimirira. Kenako Shefu, chifukwa anali yekhayekha m'katoni ndipo ankalira momvetsa chisoni. Nthawi iliyonse Fanwell ankadziuza mumtima kuti aka ndiye komaliza, ndipo ankanena zoona, mpaka tsiku limene lole inkaimanso.

Anayesa kumangirira tiagalu titatu kukhosi kwa Tilekeni. Kena kanakokera kuchulu, kena kumadzi, kena kanangokhala pansi n'kumadzikanda. Tilekeni anagwa kawiri. Fanwell anadula zingwe zonse.

"Adzaphunzira poona," anauza atate ake.

"Adzaona yani? Kagalu kakakhala ndi anzake kamayang'ana anzakewo. Iwe ukuyesa ukusonkhanitsa gulu la uzimba, koma ukutsegula sukulu yopanda mphunzitsi."

"Atate, zinthu zasintha. Ano ndi masiku atsopano."

"Nguluwe yauzidwa zimenezo?"

Fanwell anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala.

A Felistus ndiwo analibe nthabwala. Taiga anatafuna nsapato yawo ya kutchalitchi, ya kumanzere yokha. Kopa anagwetsa zochapa pachingwe n'kugonapo. Sipoti anathamangitsa abakha a amake Ruby mpaka kumsewu waukulu, ndipo mbale ya pampanda ija inayamba kubwerera ndi mawu m'malo mwa chikondamoyo.

"Fanwell, ine ndinabereka mwana mmodzi," anatero amayi ake. "Zidzukulu zamichirazi sindinapemphe. Anzako akubweretsa atsikana kudzapereka moni, iwe ukubweretsa nthata."

Vuto lalikulu linali chakudya. Phala la gaga limene linkakwanira agalu awiri silinkakwanira asanu ndi awiri. Fanwell anayamba kutapa kapenta m'chitini cha amayi ake. Anayamba kuchotsa fupa mumphika iwo ali kumpope. Akafunsidwa ankati ndi mphaka.

"Mphaka ameneyu ndi waulemu," anatero a Felistus. "Amatenga n'kuvundikiranso."

Ndipo pa mbale ya agalu panalibenso mwambo. Tiagalu tija tinkalumphiramo ndi miyendo yomwe. Tilekeni, amene anazolowera kudya modekha, ankaima pambali kudikira, n'kupeza mbale yanyambitidwa. Nthiti zake zinayamba kuwerengeka. Fanwell ankaziona, koma maso ake ankathawira msanga kwa Shefu, amene ankanenepa mokongola.

Kenako Loweruka linamuchepera. Anayamba kusaka Lamulungu m'mawa, nthawi imene komboni yonse ili pamsewu kupita kumapemphero, kuti anthu amuone bwino ndi gulu lake. Anyamata anzake ankakuwa kuti, "Ba kapitao wa mbwa!" Pomva akumutcha kapitao wa agalu, iye ankakweza dzanja ngati nduna. Zoti nyama imene ankabwera nayo inkachepa, chifukwa tiagaluto tinkauwa tisanafike n'kudambo komwe, sankaziwerengera.

"Mwana wanga," anatero amayi ake m'mawa wina akumanga duku, "Mulungu anakupatsa masiku asanu ndi limodzi. Ili limodzi ukumulandiranji?"

"Ndidzapita sabata yamawa, amayi."

Sabata yamawayo inali mu Juni, ndipo sanapite. Anali pamsika, pamene Wesley anamulonjeza chinthu chapadera. M'katoni munali tiagalu tiwiri tofiirira, ta makutu aatali ogwa ngati masamba a fodya.

"Awa ndiwo azungu amasakira," anatero Wesley. "Fungo amalimva lili kutsidya la mtsinje. Onse awiri ndi anu."

"Mukufuna chiyani?"

"Kanthu kakang'ono. Galu wofiira uja. Kuli munthu ku Kabushi akufuna galu wodziwa kale ntchito."

"Kamoto ndi wa atate."

"Amene amamudyetsa ndani? Amene amayenda naye ndani? Mdala wanu kuthengo sapitakonso. Mukupereka mmodzi, mukulandira awiri. Ngakhale mwana wa Sabu A, woyamba kumene sukulu, angakuuzeni kumene kuli phindu."

Belu la tchalitchi linkamveka chapatali, ndipo Fanwell ankadziwa kuti kunyumba kulibe munthu. Kagalu kena kanatulutsa mutu m'katoni, khutu limodzi litapindikira kumbuyo. Fanwell anakwera njinga, nakatenga Kamoto. Galuyo anamutsatira akugwedeza mchira, poyesa kuti akupita kosaka. Fanwell anamunyamula yekha n'kumukweza m'lole.

Makolo atabwera ku Misa, anawauza kuti Kamoto walondola fungo la gwape kudambo ndipo sanabwerere.

"Kamoto sasochera," anatero a Nicodemus.

Masiku atatu otsatizana, akaweruka, mkuluyo ankatenga ndodo n'kutsimphina mpaka kumene nyumba zimathera. Ankaima pachulu n'kumaliza mluzu umene agalu ake ankaudziwa. Tilekeni ankaima pambali pawo, makutu ali tcheru. Tsiku lachitatu bondo linatupa, ndipo a Felistus analithowa ndi madzi otentha. Fanwell anali kuseri kwa nyumba akusewera ndi tiagalu tatsopano. Anamva atate ake akubuula, koma sanatsegule pakamwa. Pa zonse zimene anachita, chimene chimamuwawa mpaka lero n'chimenechi.

Inafika Okutobala, tchire litapsa, dzuwa likuswa mtengo. Lamulungu lina m'mawa Fanwell ananyamuka ndi agalu asanu ndi atatu, Tilekeni ali m'mbuyo mwa onse. Atafika pamabango a m'mbali mwa dambo, galu wokalambayo anaima chilili, ubweya wa pamsana utanyamuka. Fanwell anaona pansi pofukulidwa, nadziwa kuti muli nguluwe.

Tsono nguluwe ili ndi kasakidwe kake. Galu mmodzi amaima kumaso kwake n'kumaiuwa, osayandikira. Ikati imuthamangire, mnzake amailuma mwendo wakumbuyo. Ikatembenuka, wakumaso uja amaiputanso. Imangozungulira choncho mpaka mwini agalu afike ndi mkondo. Tilekeni ndi Kamoto anali atachita zimenezi kangapo. A Nicodemus akanakhalapo, akanaitana galu wawo n'kubwerera. Koma Fanwell anayang'ana gulu lake, naganiza za mmene komboni idzakuwire akamalowa ndi nguluwe panjinga.

"Gwira!" anakuwa.

Tilekeni analowa m'mabango. Nguluwe inatuluka ikufwenthera, yofiira, ya manyenje oyera pamsana. Jeti analira ngati wapondedwa n'kuliyatsa liwiro. Taiga, Kopa ndi Sipoti anamutsatira, pakuti chimene anaphunzira pamoyo wawo chinali kutsatirana. A makutu aatali aja anapita patsogolo pa onse. Shefu anathawira pakati pa miyendo ya Fanwell n'kumugwetsa chagada, mkondo n'kugwera kutali.

Tilekeni anaima pamalo pake, kumaso kwa nguluwe, monga anaphunzirira. Inamuthamangira. Sanalumphe msanga, chifukwa ankayembekeza kuti itembenuka, monga inkatembenukira nthawi zonse Kamoto akailuma. Kumbuyoko kunalibe galu. Nguluwe inamunyamula ndi mano n'kumuponya m'mabango, niyenda ulendo wake.

Fanwell anamupeza akupuma, ntchafu itang'ambika mpaka m'chiuno. Anavula malaya n'kumukulungamo. Pomunyamula anadabwa ndi kupepuka kwake. Galu amene kale ankamulemera anali ngati mtolo wa mapesi. Ndipo galuyo, m'malo momuluma ndi ululu, anamunyambita dzanja.

Atafika kunyumba anapeza agalu asanu ndi awiri aja atafika kalekale, atagona pamthunzi wa mpapaya, malilime ali panja. Shefu anadzuka kudzamulandira.

A Nicodemus sanakalipe. Anapempha singano yaikulu, ulusi wakuda ndi madzi a mchere. A Felistus anagwira mutu wa galu, Fanwell anagwira miyendo, mkuluyo n'kumasoka pang'onopang'ono. Ali pakati anayankhula okha, osayang'ana munthu.

"Kamoto akanapanda kusochera, izi sizikanachitika."

Apo Fanwell analephera kupirira.

"Atate, Kamoto sanasochere. Ndinamupereka kwa Wesley. Ndinasinthanitsa ndi a makutu aatali aja."

Singano inaima. Patapita nthawi inayambanso kuyenda. A Nicodemus anamaliza kusoka, namanga mfundo, nadula ulusi ndi mano.

"Ndinaliza mluzu masiku atatu," anatero. "Iwe unali kuti?"

"Kuseri kwa nyumba."

"Unkandimva?"

"Ndinkakumvani, atate."

"Chabwino. Galu ndamusoka ine. Chinacho ukasoke wekha."

Loweruka lotsatira Fanwell anakagwada kwa wansembe, naulula zonse, kuyambira kapenta mpaka mluzu. Wansembeyo anamuuza kuti chikhululuko chilipo, koma chobedwa chiyenera kufunidwa. Tsono mwezi utatha anakwera basi ya ku Ndola. Anapeza Wesley akutsuka lole, ndipo dalaivalayo sanachite n'komwe manyazi.

"Malonda ndi malonda, mune. Galu ali kwa ba Manasseh, akalipentala, kuseri kwa msika. Koma musanapite, tabwerani muone ndili ndi chiyani."

Fanwell sanayandikire katoniyo.

A Manasseh anali munthu wachikulire wa ku Petauke. Anamvetsera nkhani yonse atatsamira pathabwa limene ankapala.

"Sindinadziwe kuti ndi wobedwa," anatero. "Bwera umuone."

Pansi pa tebulo lopalira matabwa, pa utuchi, panali Kamoto atagona cham'mbali, tiana tisanu tikuyamwa. Ataona Fanwell anagwedeza mchira, nadzuka kudzamununkhiza mawondo. Kenako kamwana kena kanalira, ndipo anabwerera kukagona. Anali wonenepa, ubweya ukuwala. Ana a pakhomopo ankamuitana dzina lina, iye n'kumatembenuka.

"Ndi wa atate ako," anatero a Manasseh. "Akaleka kuyamwitsa udzamutenge, ngati iwo atero."

Fanwell anakafotokoza kunyumba. A Nicodemus anafunsa ngati galuyo akudya bwino, ngati amamumenya, ngati amapita naye kuthengo. Atamva mayankho anayang'ana bwalo lawo, lodzaza maenje ndi mafupa.

"Msiye komweko," anatero. "Wapeza khomo labwino kuposa lino. Ukandipemphere mwana wake."

Kuchotsa agalu asanu ndi awiri kunavuta kuposa kuwasonkhanitsa. Fanwell anayenda Loweruka lililonse kumafamu ndi kwa anthu ootcha makala, kupempha kuti amulandirire. Ena ankafunsa kuti agaluwo amadziwa chiyani, ndipo iye, poti anali atasiya bodza, ankayankha kuti amadziwa kudya. Shefu anabwerera kawiri. Amake Ruby anati akabwereranso kachitatu amuphika n'kudyetsa abakha awo.

Mvula yoyamba itagwa, Fanwell anabwerera ku Kabushi. A Manasseh anatulutsa tiagalu tonse tisanu padzuwa. Kena kanali kakuda ngati agogo ake. Kena kanali kofiira. Kena kanali ndi chidontho choyera pamphumi, ndipo kanayamba kale kutafuna chingwe cha nsapato yake.

"Tenga tiwiri," anatero a Manasseh. "Kapena titatu. Kuno tikungodya."

Manja a Fanwell ananyerenyetsa monga kale. Nthenda ija inali isanachoke. Anagwada, nanyamula kakuda kaja, naimirira msanga.

"Zikomo, atate. Kwathu kuli khosi limodzi."

Tilekeni anachira, koma mwendo uja unauma, ndipo sanathamangenso moyo wake wonse. Mphuno yokha ndiyo inali ikadali yake. Chilimwe chotsatira, Loweruka masana, anthu a ku Wusakile ankaona ulendo wachilendo ukulowera kudambo lapafupi. Patsogolo pankakhala galu wokalamba wotsimphina, kagalu kakuda katamangiriridwa kukhosi kwake ndi luzi. Pambuyo pankabwera a Nicodemus ndi ndodo yawo, akutsimphina mwendo womwewo. Pambuyo penipeni pankabwera Fanwell, atanyamula mkondo ndi mpando.

"Onani anthu a penshoni akupita kuntchito," ankatero a Felistus pampanda, amake Ruby n'kumafa nacho chiseko.

Nguluwe sanaphenso. Koma nchenzi zinabwerera mumphika, mbale inayambanso kudutsa pampanda, ndipo Lamulungu m'mawa banja lonse linkakhala pabenchi limodzi.

Inu achinyamata amene mukuwerenga, musanene kuti nkhaniyi ndi ya agalu chabe, inu mulibe galu. Aliyense ali ndi katoni yake imene imamuimira pamsika. Tchimo la kusirira silibwera ndi nyanga. Limabwera laling'ono, lofunda, lokunyambita chala, ndipo limalumbira kuti ndi lomaliza. Fanwell sanadzuke tsiku limodzi n'kuganiza zobera atate ake. Anayamba ndi kusuzumira, kenako kapenta, kenako Misa, kenako bodza, ndipo amene analipira anali galu amene sanalakwe kanthu. Samalani chimene mwapatsidwa musanatambasule dzanja kufuna china, pakuti chatsopano chimadya m'mbale ya chakale.

Fanwell anakalamba ali ndi agalu, mmodzi wamkulu ndi mmodzi wophunzira, osapitirira apo. Koma sanadzikhulupirire konse. Mpaka imvi zitamera, akaona munthu ataima pamsika ndi katoni yoboola timabowo, ankawolokera kutsidya lina la msewu, manja ali m'thumba.